Katoni ya Pamwamba pa Kabati

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa sindinachite kuifunafuna. Inandipeza yokha, n'chifukwa chake ndinayamba ndi kuikayikira. Zinali m'zaka zoyambirira za matipate, anthu atayamba kuyankhula mokweza pamsika koma akucheukabe. Mayi abusa anandiimitsa tikutuluka kumsonkhano wa amayi, nandiuza kuti kuchipatala chathu chaching'ono cha mishoni, kuno kumapiri a Ntchisi, kwabwera ana asukulu atatu ochokera kukoleji ya m'tauni. Ankafuna mayi wodziwa kuwerenga, amenenso amayi anzake amamumvera. Ndinafunsa kuti dzina langa wawapatsa ndani. Mayi abusa anaseka, ine sindinaseke. Ife tinakula tikudziwa kuti dzina likalowa m'buku la mlendo, tsiku lina galimoto imadzaima pakhomo.

Ndinapitabe, chifukwa bambo a kunyumba anali kuesiteti ya fodya ndipo pakhomo panali pouma.

Kwa inu amene simudziwa mmene zimakhalira, ana ophunzira za makompyuta akatsala pang'ono kumaliza amawagawa m'timagulu, n'kuwatumiza kumalo a ntchito enieni. Kumeneko amaona mmene mapepala amayendera, amakonza njira yosungira zomwezo pakompyuta, kenako aphunzitsi awo amabwera kudzaona ndi kupereka malikisi. Athuwa anapatsidwa za sikelo ya ana. Mtsogoleri wawo anali Mphatso, mnyamata wa mafunso osatha. Panali Tiyanjane, mtsikana wofatsa amene anandiphunzitsa kutaipa, ndi wina wamtali wosayankhulayankhula amene ankasamala mawaya.

Kompyutayo inali mphatso ya azungu, ndipo inakhala nthawi yaitali itafundidwa chitenje popeza panalibe woigwira. Tinkaiyatsa m'mawa mokha, jenereta ikamalira. Mwana aliyense wa sikelo anali ndi makhadi awiri, ina yosunga mayi ake, inzake yotsala m'madilowa a chipatala. Ine ndinkatenga ya m'dilowa n'kulemba dzina, tsiku lobadwa, mudzi, dzina la mayi ndi katemera amene mwanayo walandira. Tiyanjane ankati, "Mukamaliza khadi iliyonse dinani apa kuti zisungike, mayi. Jenereta sitsanzika." Tisanaizimitse tinkakopera zonse pa madisiketi awiri, ina ya chipatala, ina ya ana asukuluwo. Cholinga chinali chakuti makinawo azitulutsa okha mayina a ana amene aphonya katemera, kuti tiziwalondola.

Kutaipa sikunandivute. Chovuta chinali amayi. Mbiri inali itamveka kale m'midzi kuti kuchipatala kwabwera bokosi lomeza mayina a ana, ena amati ndi la chipani, ena amati ndi la ogula magazi. Pa sikelo anthu anayamba kuchepa. Anesi athu, mayi Chimphepo, anandituma kuti ndikayende m'midzi, ndipo ndinakwera zitunda zimenezo mpaka kumalire a Dowa. Ndinkawauza kuti ine Nabanda, amene mumandidziwa kuti sindikhulupirira ngakhale mbale wanga, bokosilo ndaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, lilibe njira yotulukira kupita kwina, ndipo silidzachitira mwana wa munthu choipa. Anabwereranso chifukwa cha mawu anga. Ndinadziwa kuti zikadzalakwika, sadzabweranso, ndipo chikuku sichidikira kuti anthu agwirizane.

Pali chinthu chimodzi chimene ana asukuluwo sindinawauze, popeza sichinali chawo. Mwana wanga wachiwiri, Limbani, ndinali nditamuika m'manda dzinja la chaka chapitacho, asanayambe n'kuyenda komwe.

Mayi Chimphepo anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Mwana akamwalira, pakhadi yake sankalembapo kanthu. Ankati dzanja limakana. Kutentha khadiyo kapena kuitaya sakanathanso, poti ndi dzina la mwana wa munthu. Ankangoichotsa m'dilowa mwakachetechete n'kukaiika m'katoni ya sopo, pamwamba pa kabati m'chipinda chosungiramo katundu. Onse ogwira ntchito pamenepo ankaidziwa katoniyo, ndipo palibe amene ankaitchula. Mphatso anafunsa zonse, wolemba khadi ndani, wosunga ndani, ikachoka apa imapita kuti, najambula mabokosi ndi mivi papepala lalikulu kukhoma. Atafunsa ngati makhadi onse a ana a sikelo ali m'madilowamo, anesi anati inde. Sananame. Kwa iwo, a m'katoni sanalinso ana a sikelo.

Loweruka lina ine ndili kumunda kukumba mtedza, wamtali uja akufunafuna poika bokosi la pulinta, anaipeza katoniyo. Anaona makhadi abwinobwino, opanda chizindikiro chilichonse, katemera wake wolekezera panjira. Anaganiza kuti anaiwalika. Atatuwo anakhala pansi n'kuwalemba onse pakompyuta kuti aphunzitsi awo akapeze ntchito yathunthu. Izi ndinazimva pambuyo pake. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa kwambiri mpaka lero.

Aphunzitsiwo anafika tsiku la sikelo, galimoto itafiira ndi fumbi. Mphatso anafuna aone makinawo akugwira ntchito pamaso pa eni ake. Amayi anali atadzaza m'chisakasa, ana kumsana. Mayi Chimphepo anaitanidwa kuchipinda chochilira, kunali mayi wina amene nthawi yake inakwana, choncho ine ndinatsala ndikukoleka ana pasikelo. Pulinta inalira ngati nyenje m'kati mwa ofesi, kenako Mphatso anatuluka ndi pepala lalitali la timabowo m'mbali, atavala tayi. Anapereka moni mwaulemu, nafotokoza kuti awerenga mayina a ana amene sakubwera kudzalandira katemera.

Mayina oyambawo anali oona. Amayi ankaseka, n'kumaloza mnzawo waulesi. Kenako anatchula mwana wa kumudzi wakutali amene sindinkamudziwa, ndipo mayi wina kumbuyo anaimirira, namanga chitenje, n'kuchoka. Anatchula wina. Kuseka kunatha. Atafika pa Tadala, mwana wa Nangozo wa kuseri kwa tchalitchi, ndinazindikira kuti mayinawa achokera m'katoni ija, pakuti Tadala ndinamusambitsa ine ndi manja angawa tsiku la maliro ake.

Mphatso anakweza maso akumwetulira. "Mayi ake a Tadala alipo? Bwanji simubwera naye mwanayu?"

Nangozo analipo, khanda lina lili pabere. Sanalire. Anangoyang'ana ine, osati mnyamatayo.

Ndinafuna kuyankhula koma m'manja ndinali ndi mwana wa eni ake akulendewera pasikelo. Mphatso anaona kuti anthu akhala chete, naganiza kuti ndi manyazi, ndiye anafulumira kuwerenga dzina lotsatira. Linali la Limbani. Anatchula mudzi wathu, natchula dzina la mayi, lomwe ndi langa, kenako anaima n'kundiyang'ana. Kunyumba dzina limenelo linali lisanatchulidwepo chichokereni kumanda. Kulimva likuitanidwa masana poyera, pakati pa ana amoyo, ndinatembenuka kuyang'ana kuchipata. Ndikunena zoona, ndinatembenuka, ngati kuti wina alowa naye kumsana.

Amayi ananyamuka mmodzimmodzi. Panalibe wokalipa. Podutsa pafupi nane, Nangozo ananena motsitsa mawu, "Munati silichita choipa. Nanga likuitaniranji akumanda?"

Aphunzitsi aja atamva nkhani yonse sanakalipire anawo pagulu. Anapempha kuona katoniyo, naiyang'ana nthawi yaitali osaigwira. Anangofunsa Mphatso kuti pachithunzi chake cha mabokosi ndi mivi, mwana amatulukira pati. Panalibe potulukira. Njira yonse anaikonza ngati kuti mwana akalowa amangokula basi. Mnyamatayo anakhala pasitepe, tayi ili m'manja, ndipo sindinamumvenso akufunsa funso.

Galimoto inanyamuka nawo tsiku lomwelo, popeza nthawi yawo inali itatha. Tiyanjane yekha anabweranso patapita masabata, pamatola, kudzawonjezera malo olembapo kuti mwana wamwalira. Mayi Chimphepo anakana kukhudza makinawo. Ndinakhala ine, katoni pamiyendo, kutenga khadi, kupeza dzina, kudina. Nditafika pa Limbani, Tiyanjane anati adine iye. Ndinakana.

Sikelo sinadzazenso chaka chimenecho. Ndinayendanso zitunda zomwe zija, koma ulendo uno sindinalonjeze kanthu, ndinkangopempha. Ena anabwerera nyengo yokolola itadzanso. Nangozo sanabwerere. Khanda lake ankapita nalo kuchipatala china, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo tikakumana kuchigayo tinkapatsana moni ngati alendo mpaka pamene Nangozoyo anamwalira.

Ndinagwira ntchito pachipatalapo zaka zambiri, ndipo magulu ena a ana asukulu anabwera ndi makina abwino kuposa aja. Aliyense ndinkamuuza chimodzimodzi asanayatse kanthu, kuti usangowerenga zimene zalembedwa papepala, funsa chifukwa chake pepalalo lili pamene walipezapo, ndipo ukaona chinthu chimene onse akuchilambalala, usachigwire usanafunse. Ankalemba m'mabuku mwawo akugwedeza mitu. Sindinkawakhulupirira, ndinkawayendabe kumbuyo. Mdzukulu wanga tsopano akuphunzira zomwezi, ndipo amati agogo mumaopa zinthu zopanda mano.

Chimene sindinamuuze n'chakuti tsiku limene Tiyanjane anabwera, tinakonza disiketi ya chipatala yokha. Inzake ija inali itapita kale ndi galimoto kukachongedwa. Ndinapempha Tiyanjane kuti akaifufute, nati achita, koma ine sindinaone ndi maso anga. Ndiye nthawi zina ndikamasenda mtedza pakhonde ndimaganiza kuti kwinakwake m'tauni, m'kabati ya fumbi, Limbani wanga akadali moyo, ndipo alembedwa kuti mayi ake achedwa kubwera naye kukatemera.