Dzino la M'chitini cha Mabatani

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za mtsikana amene ankamutcha Wotsala.

Dzinalo anamupatsa ndi azakhali ake, tsiku loika maliro a mlongo wake wachiwiri. Anyamata awiri onsewo khosi silinkalimba, maso ankayang'ana kosiyana, miyendo ili lendelende ngati zingwe zonyowa. Woyamba anamwalira asanakwawe. Wachiwiri anafika msinkhu woguluka mano osapondapo pansi.

"Mimba ya mlamu wangayu ndi manda," anatero azakhaliwo pamaso pa anthu. "Kamtsikanaka ndi kotsala chabe."

Bambo ake sanatsutse. Ananyamula chikwama, nakakwatira kwina, n'kubereka ana ojintcha. Kwa aliyense, mlandu unathera pomwepo.

Amayi ake anali telala. Chipinda cha anyamatawo anachitseka, makatani osawatsegulanso. Dzino limodzi la mwana wachiwiriyo analisunga m'chitini cha mabatani. Dzuwa lili pamutu, makina osokera akangoti zii, Wotsala ankawamva akugwedeza chitinicho pafupi ndi khutu. Mabatani ali ndi kulira kwawo. Dzino lili ndi kwake.

"Akufunsanso," ankatero amayiwo. "Akuti, amayi, ndinakulakwirani chiyani?"

Makasitomala anatha. Amayi oyembekezera ankawoloka msewu kuti asadutse pakhomopo. M'nyumba yotere mabuku salowa m'mutu, ndipo mayeso a sekondale Wotsala analephera.

Anapeza ntchito yotsuka timabotolo m'labotale yoyeza magazi. Munalibe windo. Mafiriji ankang'ung'udza tsiku lonse ngati anthu a pamaliro, ndipo m'kati mwake munali magazi a anthu, ena oti anaikidwa kalekale. Anzake ankalowamo awiriawiri. Iye ankalowa yekha, poti anakulira m'nyumba yozizira kuposa pamenepo.

Tsiku lina dokotala wamkulu, mayi wa imvi wosadziwa kuseka, anamupeza akuwerenga buku, manja ali thovu lokhalokha.

"Ukutsuka kapena ukuwerenga?"

"Zonse, adokotala."

"Ndiye kalembenso mayeso. Usamandithere sopo."

Analembanso, anakhoza. Zaka zinapita akutsuka m'mawa, masana ali m'kalasi, zala zitang'ambika ndi mankhwala. Atafika pa maphunziro a matenda otengera kwa makolo, anawerenga za ana a khosi lofooka ndi maso oyang'ana kosiyana. Anali kuwerenga za alongo ake.

Anapita kwa amayi ake. "Ndipatseni dzino lija."

"Ukalitani?"

"Ndikaliphwanya. Silibwerera."

"Ukufuna ndimuphe kachiwiri?"

"Amayi, zaka zonsezi mwamumva akufunsa. Mulekeni tsopano ayankhe."

Amayiwo anatsegula chitini chija. Kenako anakhuthulira mabatani patebulo, nasankhamo kanthu kachikasu kaja osayang'ana n'komwe. Zala zinkakadziwa.

Wotsala analipera yekha dzinolo mpaka linasanduka fumbi loti aliyeze, mafiriji akung'ung'udza kumbuyo kwake. Anayezanso magazi a amayi ake ndi ake omwe. Zotsatira zitatuluka, anakawapeza amayiwo ali pa makina.

"Thupi limapanga tinthu totchedwa mapuloteni, monga inu musokera malaya," anatero. "Pali kantchito kena, enzayimu, kamene kamamalizitsa, ngati woika mabatani. Kakalephera, malaya onse savalika. Malangizo opangira kantchitoko amatchedwa jini, ndipo munthu amalandira ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Imodzi yokha ikalakwika, munthu sadwala. Mlongo wanga zonse ziwiri zinali zolakwika."

"Zonse zangazo?"

"Imodzi ndi yanu. Inayo inu mulibe. Ndi ya bambo, ndipo inenso ndili nayo."

"Nanga ana awo ojintchawo?"

"Mwayi basi. Palibe amene analakwa, amayi. Inu ayi, iwonso ayi."

Amayiwo sanalire. Anatenga chitini chija, nachigwedeza pafupi ndi khutu. Munalira mabatani okhaokha.

"Wasiya," anatero.

Anadzuka, nakankha chitseko cha chipinda chija, nakoka makatani. Nsaluyo inang'ambikira m'manja, fumbi lili kobo, dzuwa n'kugwera pa kabedi kopanda munthu.

"Tsache lili kuti? Chipinda chowala chonchi, ine n'kumasokera mumdima." Anatembenuka. "Azakhali ako akali moyo?"

"Alipo."

"Ukawafotokozere pang'onopang'ono. Mutu uja ndi wouma."

Lero labotale ija akuyendetsa ndi Wotsala, ndipo makolo a ana odwala matenda otere amatuluka m'chipinda mwake akudziwa chimene akulimbana nacho. Alongo ake sanauke, jini sinasinthe. Koma amayi ake amagona tulo.

Inunso mwina anakupatsani dzina pamaliro, kapena pa tsiku la zotsatira za mayeso. Musalivomere msanga. Funsani, phunzirani, bwererani pomwe munagwera. Mtima wanuwo musautaye, ukadali ndi ntchito.