Buluku la Agogo NyaGondwe

Agogo anga NyaGondwe ndikawakumbukira, chimene chimandifikira m'mphuno ndi fungo la matope a m'minda ya mpunga ku Hara, losakanikirana ndi la fodya wofwenkha amene ankamusunga m'kabotolo, ndipo m'makutu ndimamva achule akulira m'ngalande, iwo akukalipira mbalame ngati akukalipira ana a mnansi. Anali aafupi, apakamwa, ndipo munthu akawaputa m'mawa ankafika madzulo makutu akumulirabe.

Ine ndinakulira m'manja mwawo, ndipo chimene chinkatidyetsa awirife chinali puloti imodzi ya m'sikimu ya boma yolima mpunga. Koma m'madzi a m'pulotimo munali misundu, ndipo misunduyo inkawakonda agogo kuposa wina aliyense. Anzawo ankatuluka ndi umodzi kapena iwiri, iwo ankatuluka magazi ali chuchuchu m'miyendo monse, mpaka pakatumba panabuka chilonda chokana kupola. Tsiku lina anatulutsa buluku la khaki lokhuthala limene malemu agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Katundu wina yense abale a mwamunayo anagawana pamaliro, ili lokha agogo analibisa pansi pa mphasa. Analivala, kumapazi anamanga ndi luzi, pamwamba n'kukulunga chitenje. Chilonda chija chinapola.

Vuto linali lakuti zaka zimenezo boma linali litaletsa akazi kuvala buluku, ati pofuna kuteteza ulemu wa amayi. Ku Hara aliyense ankadziwa chimene chinali kunsi kwa chitenje cha agogo, pakuti powokera mpunga munthu amakwinya chitenje, koma anthu ankangoyang'ana kumbali. Amene khosi linawakanika kutembenuka anali a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, omwe mlamu wawo ankasowa puloti.

M'mawa wina, ine ndikuwapatsira agogo mbande, a tcheyamani anatulukira ndi wapolisi, mnyamata wochokera kummwera, nsapato zake zikunyezimira. Anaima pamtumbira pouma. Amayi onse anaweramuka.

"Mayi, tamva kuti mumavala buluku," anatero wapolisiyo mwaulemu.

Agogo Chichewa ankachilankhula ndi alendo okha, ndipo ankachithira Chitumbuka mosaumira.

"Enya, mwana wane, ndavala. Kasi boma likufuna kuona miyendo yanga?"

"Ayi mayi, lamuloli ndi loteteza ulemu wanu."

"Ulemu wane? Misundu ikamandiyamwa boma limakhala kuti? Miyendo ndi yanga, magazi ndi anga, buluku ndi la mwamuna wanga. Cha boma apa ndi chiti?"

Amayi anaseka chikhakhali, wina mpaka anakhala pansi m'matope. A tcheyamani okha nkhope inali gwa.

"NyaGondwe, mawa mukaonekanso nalo, puloti iyi tipereka kwa anthu omvera."

Kuseka kunathera pomwepo. Ine ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti puloti ikapita, m'nyumba mwathu simudzafukanso utsi, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Titafika kunyumba masana, agogo analichapa bulukulo, analiyanika pachingwe, nakhala pakhonde akuliyang'ana. Litauma anandituma kukabwereka sizasi kwa atelala. Analiyala pamphasa, analisisita ndi dzanja, kenako anadula miyendo yonse iwiri cha kumtunda kwenikweni. Ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwawo.

"Ukuyang'ana vichi?" anandikalipira. "Fodya uyu ngwowawa chomene."

M'mawa mwake alendo athu aja anabweranso. Khaki anali kuonekera kunsi kwa chitenje monga mwa masiku onse, ndipo a tcheyamani anayamba kumwetulira ngati munthu amene wakolola kale. Agogo anayenda m'madzi mpaka pamtumbira, anapisa dzanja m'chitenje, anamasula luzi, nasolola mwendo umodzi wa khaki uli noninoni ndi matope. Anaupereka m'manja mwa wapolisi.

"Mwana wane, iwe unapita kusukulu. Ili ndi buluku?"

Mnyamatayo anautembenuza, anasuzumira mkati mpaka kuona a tcheyamani mbali inayo, milomo akuiluma kuti asaseke.

"Ayi mayi, ili ndi thumba lobooka."

"Ndili nawo awiri. Kasi boma linaletsa matumba?"

"Lamulo limenelo sindinalimvepo, mayi."

Anawabwezera thumba lawo ndi manja awiri, napukuta zala ndi udzu. A tcheyamani ananyamuka osatsazika, ndipo puloti inakhalabe yathu. Pofika nthawi yokolola, amayi ambiri a ku Hara anali ndi matumba awo awiriawiri, ndipo amuna ambiri anapezeka ali ndi makabudula amene sanagule. Atelala ankati chaka chimenecho sizasi yawo inayenda m'makomo kuposa mlaliki.

Zaka zinapita, ine ndinakula n'kuyamba uphunzitsi, ndipo lamulo lija linachotsedwa. Ndi chimwemwe chodzaza mtima ndinagula buluku latsopano labuluu, ndinakwera basi mpaka ku Hara, n'kukaliyala pamiyendo pa agogo, amene tsopano anali atasiya kulima.

"Agogo, lamulo lija latha! Valani, muyende nalo mpaka ku Chilumba, aliyense akuoneni."

Analinyamula ndi zala ziwiri ngati nsomba yoola.

"Wakuuza ndani kuti ndikufuna buluku? Pakhonde pano pali misundu? Aja anabwera kudzandivula osandifunsa, iwe wabwera kudzandiveka osandifunsa. Mose ndimwe boma!"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma mawu akuti tonse ndife boma anandilowa. Buluku labuluulo ndili nalo mpaka lero, silinavalidwepo. Ndipo mwana wanga wamkazi akatuluka kuchipinda atavala zimene ine sizikundikomera m'maso, pakamwa pamatseguka pokha, mawu ali kale kunsonga kwa lilime. Kenako ndimawameza, n'kungomufunsa ngati wadya.