Gunvor ndi Keke ya Maapozi

Chaka chilichonse chipale chofewa chikayamba kusungunuka m'mapiri, Gunvor Fjelde ankaphika keke ya maapozi. Sikuti ankakonda zophikaphika ayi, imeneyo inali nyambo. Ana otsiriza pulayimale akabwera kudzaona sekondale ya m'tauni yawo ya asodzi, kumadzulo kwa Norway, mphunzitsi aliyense wa chinenero ankapatsidwa mpata wowanyengerera kuti asankhe chake. Gunvor, wophunzitsa Chijeremani, ankaima pakhomo la kalasi yake ndi mbale m'manja ngati wamalonda pamsika.

Kale sizinali choncho. Atangoyamba ntchito, kalasi yake inkadzaza mpaka kukabwereka mipando. Makolo ankadziwa kuti nsomba zawo amagula ndi Ajeremani, ndipo Ajeremani omwewo ndi amene amadzaza doko ndi mbedza zawo nyengo yotentha. Koma ndege zitatchipa, mabanja anayamba kuthawira ku Spain kukaothera dzuwa, ana n'kubwerako akuti Chisipanishi n'chofewa. Chifalansa chinayamba kufa, mphunzitsi wake anapuma ntchito popanda womulowa m'malo. Tsopano ana ankadya keke ya Gunvor, kunyambita zala, kuthokoza mwaulemu, kenako n'kuwolokera kwa Mats, mphunzitsi wa Chisipanishi, amene ankawalandira ndi gitala. Gunvor anali atatopa nazo.

Chaka chimenecho mphunzitsi wamkulu, Steinar, anamuitana mu ofesi. Steinar ameneyu anadutsa m'manja mwa Gunvor ali kamnyamata.

"A Gunvor, musandione ngati woipa," anatero. "Chaka chino ana akapanda kukwana asanu ndi atatu, kalasi yanu itsekedwa."

"Iwe Steinar, zaka zonse zija ndinkakuphunzitsa, mpaka lero sungagule ngakhale buledi m'Chijeremani ku Hamburg. Lero wayamba kundiwerengera ana?"

"Ndiye mwadzionera nokha," anayankha Steinar akuseka, koma maso ali pansi.

Gunvor anamanga nsapato. Anagwira makolo m'sitolo, padoko, ngakhale pakhomo la tchalitchi, mpaka ena anayamba kukhotera njira ina akamuona. Anapeza ana asanu ndi awiri. Wotsalayo sanamudere nkhawa, chifukwa anali m'nyumba mwake momwe: Tuva, mwana wake wachitsirizira, amene anakula akugonekedwa ndi nyimbo za Chijeremani. Ndi Tuva yemweyo amene anasenda maapozi a keke ya chaka chimenecho. Woteroyo n'kumufunsanso?

Ana atasankha, Steinar anangomuuza m'khonde kuti waperewera mmodzi. Gunvor anafika kunyumba mutu ukutentha, akutchula maina a makolo amene ankawaganizira kuti amunamiza. Anaika mbatata ndi nsomba patebulo akulalatabe. Tuva sankadya.

"Amayi, asiyeni anthuwo. Ndine."

"Iwe?"

"Kunyumba amayi, kusukulu amayi. Ndikalakwa m'kalasi ndidzazimvanso patebulo pano. Ndikakhoza, anzanga adzati nanga si mwana wa aphunzitsi. Ndimangofuna phunziro limodzi loti ndizikhala Tuva basi."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa? Munafunsa tauni yonse."

Gunvor anafuna kukalipa, koma mphamvu zake panalibe. Zinamuwawa kwambiri, makamaka chifukwa mwanayo sananame. Anatola mbale n'kukatsuka.

Ntchito sinamuthere. Ana osankha Chisipanishi anachuluka moti kalasi anaigawa pawiri, ndipo Steinar anamubweretsera Gunvor buku la oyamba kumene kuti akaphunzitse gulu linalo, akulankhula mopepesa. Gunvor anathera tchuthi chonse patebulo la kukhitchini, mayi wa imvi akuloweza moni ngati mwana, pamene pawindo pankadutsa Ajeremani ndi mbedza zawo akucheza m'chinenero chimene iye ankachidziwa mpaka kulota nacho.

Sukulu zitatsegulidwa analowa m'kalasi yatsopanoyo, buku m'khwapa. Atakweza maso anaona Tuva pampando wakumbuyo, atagwira tsaya. Amene anagawa anawo sanaganize n'komwe. Mwana anali atathawa mayi ake, n'kuwapezanso kutsogolo kuno. Phunziro lonse Tuva sanakweze dzanja, ndipo Gunvor sanayang'anenso kumbuyoko.

Belu litalira anapita molunjika ku ofesi.

"Steinar, Tuva umusamutse. Apite kwa Mats."

"Mwayambana kodi?"

"Sitinayambane. Ungomusamutsa."

M'mawa mwake mpando wakumbuyo uja unali wopanda munthu. Gunvor anayamba kulemba pabolodi mawu amene iye mwini anawaloweza dzulo lake. Kuseri kwa khoma gitala inalira, ana n'kuphulika kuseka, ndipo pakati pa phokosolo anamva kuseka kwa Tuva, kokweza, kosaopa munthu. Anaima choko chili m'manja mpaka kusekako kutatha, kenako anauza ana kuti atsegule mabuku.