Mwala wa Shakira pansi pa mphasa

Lachiwiri m'mawa, ndikupinda mphasa ya Tadala, mwana wanga wa Sitandade 1, panagwa kanthu kokulungidwa m'pepala la kope. Nditafunyulula ndinapeza mwala woyera wosalala, ngati miyala ija timaponda m'mbali mwa nyanja. Pamwalapo panalembedwa dzina ndi inki yakuda: Shakira.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina ndimatha kuwerenga.

Shakira ndi mwana wa mnzanga amene timayanika naye usipa pa mathandala oyandikana. Iwo ndi Asilamu, ife ndi Akhristu, ndipo sitinayambanepo. Koma kuyambira Lamlungu mwanayo anali chigonere ndi malungo.

Tandiuzani, amayi anzanga. Dzina la mwana wodwala, lili pamwala, lokulungidwa, lobisidwa pogona. Inu mukanaganiza chiyani?

Ndinamuitana Tadala.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi Shakira, amama. Anatipatsa a Madamu."

"Ndiye umatani nacho?"

"Ndimachinong'oneza m'mawa. Koma anati tisauze mwini wake."

Nkhani za ana ophunzitsidwa ufiti tonse tinazimvapo. M'malo mopita kusukulu kukafunsa, ine ndi manyazi angawa ndinakaonetsa mwalawo kwa alamu anga. Ndinaiwala kuti m'kamwa mwawo simugona nkhani. Dzuwa lisanafike pamutu, ku mathandala konse anali atamva. Madzulo Tadala anabwera kuchokera ku mjigo chidebe chili chopanda madzi, akulira. Anzake anamuthawa, amvekere kamfiti kafika.

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Dzina lotere likamata mwana kuno, amakula nalo mpaka kukwatiwa nalo.

Amake Shakira anabwera okha, osakhala ndi pansi pomwe.

"Amake Tadala, ine ndi inu tinalakwirana chiyani?"

Ndinawaonetsa mwalawo. Iwo anangoti:

"Mawa m'mawa tipitire limodzi kusukuluko. Mwalawo mutenge."

Lachitatu tinapita, iwo patsogolo, ine m'mbuyo. Tinawapeza a Madamu Nyirenda pansi pa mtengo wa mango, ana atawazinga ngati nyerere pa nzimbe. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa ku Dwangwa, mawu anali atasasa kale ngakhale unali m'mawa. Ataona mwalawo anamwetulira. Atamva nkhani yonse, kumwetulira kunatha, anakhala pansi pa njerwa.

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Akuti ana m'kalasimo ndi ambiri moti ena sadziwana mayina, ndipo ndewu ndi ya tsiku ndi tsiku. Miyalayo anatola ndi anawo kuti aziphunzirira kuwerengera. Tsiku lina akupemphera kunyumba kwawo anaganiza zolemba dzina la mwana aliyense pamwala. Lolemba lililonse amaisakaniza m'dengu, mwana aliyense n'kutola umodzi atatsinzina. Mlungu wonsewo azipempherera mwini dzinalo, ndiponso aziphunzira zilembo za dzina lakelo.

"Mwana amene ukumupempherera m'mawa, masana n'kovuta kumumenya," anatero. "Ndinkafuna aphunzire kunyamulirana katundu monga Ambuye amafunira. Ana achisilamu ndinawauza kuti azipemphera monga amapempherera kwawo."

"Nanga chinsinsicho n'chachiyani?" anafunsa amake Shakira.

"Kuti asamasankhane, mayi. Kuti asamati ine sindifuna wakutiwakuti."

Amake Shakira anali atanyamula kachikwama ka mwana wawo. Anapisamo dzanja mokayika, n'kutulutsa kope, pensulo yoduka, kenako mwala wa mlungu watha, umene Shakira anadwala asanaubweze. Unalembedwa kuti Chisomo, mwana wa mkulu wa mpingo wathu. Amake Shakira atawerenga dzinalo anaphulika kuseka.

"Mayo ine! Ndiye kuti nanenso ndikusunga mfiti m'nyumba? Paja amati akamachita duwa, pemphero lathu lija, n'kumagwira m'chikwama, ine n'kumati muli chitumbuwa!"

Ine sindinaseke. Funso limodzi lokha linatuluka pakamwa panga, chapansipansi.

"Nanga wa Tadala uli ndi ndani?"

"Umenewo uli m'manja abwino," anayankha a Madamu. "Koma musadandaule. Lolemba nditolera miyala yonse ndikaitaye m'nyanja. Ndangofuna kuchita zabwino, ndaika mwana wa eni pamoto."

Maso awo anali atadzaza misozi. Mumtima ndinkafuna kunena kuti ayi, musatero. Koma ndinangoti "zikomo", n'kugwada, n'kumapita.

Chiyambire tsikulo mutu wanga sunakhazikike. Kodi analakwa ndani? A Madamu, amene sanatiuze makolofe? Alamu anga? Kapena ine, amene ndinaona dzina pamwala n'kuthamangira kuganiza za imfa, pemphero osaliganizirako n'komwe? Lamlungu lililonse ndimaimba kuti Mulungu ndi wamkulu. Nanga bwanji kamwala kanandiopsa kuposa mmene Mulunguyo amandilimbitsira mtima?

Komanso sindinganame. Mpaka lero ndikaganiza kuti m'nyumba ina muli dzina la mwana wanga, ndipo wina akulinong'oneza, theka la mtima limathokoza, theka lina limanjenjemera. Ziwirizi zikukhala mwa ine ngati mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi.

Timatumiza ana kusukulu m'mawa ngati tikukankhira bwato pamadzi, osafunsa kuti wopalasa akulimbana ndi mphepo yotani. Kusukulu timapondako pokhapokha zikavuta, nkhope zili gwa. Ndani wa ife anapitako kukangonena kuti aphunzitsi, Mulungu akupatseni mphamvu? Ine ayi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa mwana wanga.

Amene anakonza zinthu ndi amake Shakira. Tikuchokera kusukulu anamugwira Tadala padzanja n'kudutsa naye pakati pa mathandala onse, akulankhula mokweza kuti ndi alamu anga omwe amve.

"Mwamuona uyu? Uyu ndi amene akumupempherera mwana wanga. Wina amutchulenso dzina lija, adzandiona."

Shakira anadzuka Lachisanu, atamaliza mankhwala a kuchipatala. Ndinamufunsa Tadala kuti chamuchiza mnzakeyo n'chiyani, mankhwala kapena pemphero. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Zonse, amama."

Tsono a Madamu, ndi aphunzitsi nonse a timakalasi ta ana aang'ono, zimene ndinalephera kunena pansi pa mango ndi izi. Musataye miyalayo. Mwana wanga waphunzira kulemba S, ndipo waphunzira kudzuka ndi dzina la munthu wina pakamwa, chinthu chimene ine mayi wake sindinamuphunzitse. Chokhacho, tiitaneni makolofe tikhale pa njerwazo mutiuze. Ndife amantha, koma tikamva timamva.

Ndipo inu amene mupinde mphasa mawa n'kupeza mwala wolembedwa kuti Tadala, chonde musathamangire nawo kwa alamu anu. Ubwezereni pomwe unali. Ine sindikudziwani, ndipo mantha sanandithere. Koma mwana wanuyo musiyeni amalize pemphero lake.