Ankati Watipaso Ali ndi Dzanja Loipa

Anzanga, ine miseche ndimaikonda, sindikana, koma iyi ndi nkhani yabwino. Ndi ya Watipaso wa kwathu ku Kande.

Mayi ake atamwalira, Watipaso anabwera kudzakhala ndi azakhali ake, amene kuno timati ankhazi. Anatsika pa matola ndi kachikwama ka zovala komanso mgolo wachitsulo umene mayi ake anasiya. Sitandade 8 anali atalephera kawiri.

Ankhaziwo ndi a Dorothy, otchuka ndi ufa wa kondowole woyera mbee. Mgolo uja anaukonda chifukwa ndi waukulu, n'kuyamba kuviikamo chinangwa. Watipaso ndiye ankasenda.

Kuyambira sabata imeneyo ufa unayamba kuda. Pamsika wa Mpamba anthu ankangoununkhiza n'kudutsa. Kumjigo nkhani inali yomweyo. A Queen, oyandikana nawo nyumba, ankachita kukweza mawu: "Mwanayu ali ndi dzanja loipa. Mayeso anakanika, chinangwanso chikumukana!"

Ine ndinkaseka nawo, ndisaname.

Kenako a Dorothy anagamula: "Mwezi ukatha upita ku Mzuzu ukalere ana a anthu. Pano ukundiwonongera malonda."

Watipaso analira kuseri kwa khitchini, chifukwa ankadziwa kuti akapita, za sukulu zatha. Koma misozi itauma anayamba kudzifunsa. Dzanja lomweli linkasenda chinangwa cha amayi, bwanji ufa wawo sunkada? Chasintha pakhomo pano n'chiyani kupatula ineyo?

M'mawa mwake anagwada pamaso pa a Dorothy.

"Ankhazi, ndipatseni masiku anayi. Inu musende nokha, muviike mumgolo, ine ndisakhudzeko. Changa ndiviika mu ndowa yapulasitiki."

"Wayamba liti kundiphunzitsa ntchito iwe?"

"Changa chikada, ndikwera basi ndekha."

A Dorothy anavomera, mwina pofuna kuti nkhani ithe. A Queen anadzipereka kukhala mlonda, eti kuti mwanayo asayandikire mgolo. Anakhala pamkeka masiku onsewo, mpunga wa eni ake akudya nawo.

Tsiku lachinayi anavuula. Cha mu ndowa chinali choyera ngati thonje. Cha mumgolo, chosendedwa ndi a Dorothy eni ake, chinali chakuda bii. Watipaso anapisa dzanja m'kati mwa mgolo n'kuwaonetsa zala zofiira ndi dzimbiri.

"Amayi ankasungiramo chimanga, osati madzi," anatero.

A Dorothy anayang'ana zalazo, n'kutembenukira kwa mnzawo. "Nanga a Queen, dzanja langanso ndi loipa?"

A Queen akuti anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya nyemba pamoto.

Ku Mzuzu Watipaso sanapitenso. A Dorothy anamusokera yunifolomu yatsopano, ndipo Watipaso anabwereza kalasi limodzi ndi ana amene ankamulekeza paphewa. Ena ankamutcha kuti "anti", iye n'kumangoyankha mothokoza kuti "Yewo." Aphunzitsi ankatopa naye chifukwa chilichonse ankafunsa kuti, "Tadziwa bwanji?"

Ulendo wachitatu anakhoza. Pano ali Fomu 2 limodzi ndi ine, ndipo tikamachokera kusukulu ine ndimamunyamulira chikwama kuti andiuze masamu.

Ndiye iwe mnzanga, anthu akagwirizana kuti vuto ndi iweyo, usathamangire kuvomera ngakhale akhale mudzi wonse. Lira ngati ukufuna, koma ukatha ufunse, uyese, uone ndi maso ako. Osataya mtima!