Kompyuta Yogula Ngati Malata

Pa esiteti ya fodya ndinafikapo ndili mwana, makolo atachoka kwathu ku Phalombe kudzagwira utenanti wa chaka chimodzi. Chaka chimodzicho chinandimeretsa ndevu. Ndinakwatira pomwepo, ana awiri anabadwira pomwepo, ndipo chaka chilichonse tikamaliza kudinda mabelo ndinkalumbira kuti sizoni ino ndi yomaliza. Aliyense pa esiteti amalumbira choncho. Ukatuluka m'nyumba, kutsogolo fodya, kumbuyo fodya, uku zigafa. Malowo ndinkadana nawo, ndisaname.

Njira yotulukira ndinaiona ku Lilongwe, nditaperekeza mabelo. M'kashopu kena anthu ankalipira kuti asewere mpira pa kompyuta, ena atadikira pamzere. Ine magemu ndinkawakonda kale pafoni, koma apa ndinaona mpira weniweni, osewera akuchita kutuluka thukuta. Pa Santhe, pamene timakagula sopo ndi mchere, magetsi alipo koma malo otero panalibe. Ndinati ndikapeza kompyuta yamphamvu imodzi, nkupeza kachipinda pa Santhe, fodya ndatsazika.

Yathunthu mtengo wake unali wothawitsa. Koma pafoni ndinaona kuti munthu ukhoza kugula ziwalo zake pachokhapachokha nkudzalumikiza wekha. Mtima unangoti myaa, chifukwa ndi mmene ife timamangira nyumba. Tenanti ndalama amaiona kamodzi pachaka. Ukalandira umagula malata asanu nkuwalowetsa kunsi kwa bedi, chaka chamawa ena asanu, mpaka denga likwane. Lata la chaka chino ndi la zaka zinayi zapitazo amagonerana bwinobwino, palibe limene limafunsa msinkhu wa linzake.

Chaka choyamba ndinagula bolodi lalikulu lija pamene ziwalo zonse zimakhazikikapo, logwirapo kale ntchito. Chachiwiri purosesa, ubongo wa kompyutayo, kanthu kochepa ngati bisiketi koma kodya chikwama. Wogulitsa anati kameneka ndi katsopano, nambala yake ndi yaikulu, ine nkumva ngati akunena giredi ya fodya. Chachitatu ndinagula maramu awiri, tizitsulo tothandiza kompyuta kukumbukira, ndi khadi ya zithunzi. Chilichonse ndinkachikulunga m'chitenje nkuchibisa m'sutikesi. Kuyesa ndikanayesera pati? Kwathu magetsi ndi tochi.

Akazi anga ankandiseka poyamba. “Bambo a ana, anzanu akugula mbuzi, inu mukuweta zitsulo. Zidzaswana liti?” Koma m'kupita kwa zaka anayamba kufunsa zina: ngati pa Santhe mjigo uli pafupi, ngati angamakazinge mandasi pakhomo pa shopuyo. Nthawi zina ndinkawapeza akuanika chitenje chija kuti chinyezi chisalowe.

Chaka chachinayi ndinamaliza ndi bokosi, chopatsira magetsi ndi sikirini yakale. Ndalama yonse ya sizoni inathera pamenepo. Ndinagwirizananso ndi mwini kachipinda kena kuseri kwa chigayo, amene anati andidikira mpaka mwezi uthe. Sutikesi panjinga, ulendo wa kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pa Santhe, ndikuimba mluzu njira yonse.

Bamboyo anayala zonse pathebulo. Anatenga purosesa, naiyang'ana kunsi, nayang'ana bolodi, kenako nkuyang'ana ine.

“Achimwene, izi munagula tsiku limodzi?”

“Ayi, zaka zinayi,” ndinayankha monyadira.

Sanaseke. Anandionetsa pokhala purosesa pabolodi paja, nati bolodi ndi la kampani ina, purosesa ndi ya kampani inanso, ndipo ziwirizi sizikhalirana. Kenako anatenga ramu naiyandikitsa pamalo pake. Ramu ili ndi kampata pansi, ndipo pabolodi pali kadzino koyenera kulowa m'kampatako. Zinaphonyana pang'ono chabe, osakwana ndi chikhadabo. Bolodi langa linali la mtundu wakale, maramu a mtundu wotsatira.

“Ndiye tingosema kampatako,” ndinatero. “Tupa muli nayo?”

“Si mpini wa khasu uwu, achimwene. Mukasema mwapha.”

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti iyeyo ndi wamafoni, za makompyuta akungoyerekeza. Iye anangondipatsa ramuyo kuti ndiyese ndekha. Ndinaitembenuza uku, ndinaitembenuza uko, ndinakanikiza mpaka chala kuwawa. Anthu amene anabwera kudzatchajitsa mafoni anayamba kusuzumira, ine thukuta kamukamu ndi manyazi.

Nditaphwa anandifotokozera modekha. Zinthuzi umayamba wasankha purosesa, kenako bolodi logwirizana nayo, kenako ramu imene bolodilo limalandira, ndipo umagula nthawi imodzi chifukwa opanga amasintha kapangidwe pakangopita zaka zochepa. Palibe anandinamiza. Wogulitsa aliyense anandipatsa chinthu chabwino, ine sindinafunsepo ngati chidzagwirizane ndi chimene chinali kale m'sutikesi. Chofunika tsopano chinali bolodi lina, ndipo lakalelo anati angaligule ndi ndalama yongokwana ndiwo za sabata.

“Nanga ndikadzabwera nalo chaka chamawa, zinazi zidzakhala zikugwirabe?”

“Zikhoza. Bola bolodi lake lidzapezeke, ndiponso chinyezi chisazilowe.”

Kachipinda kaja kanatengedwa ndi wometa tsitsi mwezi usanathe nkomwe. Sabata yotsatira akapitawo anayenda m'makomo kufunsa amene atsale sizoni ikubwerayi, poti nthawi yofesa nazale inali itayandikira. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti tilipo. Iwo sanadabwe, ndipo kusadabwa kwawoko kunandiwawa kuposa akanandinyoza.

Akazi anga sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana. Chimene sindinkadziwa nchakuti tsiku limene ndinapalasa njinga kupita pa Santhe, iwo anazungulira mzere wonse wa nyumba za matenanti kutsazika, ndipo mtondo wawo anaupereka kwa mayi woyandikana nafe, ati m'tauni mulibe poika. M'mawa mwake akapitawo atadutsa, ndikunola khasu kuseri kwa nyumba, ndinamva akazi anga akuodira pakhomo la mayiyo.

“Odi, anzanga. Pepanitu, ndadzatenga mtondo uja. Sitikupita.”