Amayi Ankalukira Limbani Magolovesi

Ndinaganiza zochoka ku Mbizo, kwathu ku Kwekwe, tsiku limene Limbani anatumiza chithunzi chija. Mgodi umene ndinkagwirako unali utatseka, zoona, ndipo anthu akandifunsa ndimati chinandichotsa n'chimenecho. Koma lero ndinene chilungamo. Chinandichotsa ndi chithunzi.

Limbani ndi mng'ono wanga. Bambo athu anachokera ku Dedza kudzagwira m'migodi ya kuno, fumbi n'kuwadya mapapo. Atadwala, ine ndinasiyira sukulu Fomu 2 n'kulowa pansi, iye n'kupitiriza. Sindikuti anandibera ayi, mutu anali nawo. Anafika ku yunivesite, kenako anapita kunja. Pachithunzipo anaima paphiri lina la ku Uganda, kumbuyo kwake kuli mbee, atavala jekete lofiira. Amayi anachiika mufelemu pamwamba pa wailesi, n'kumaitana azimayi akutchalitchi. "Mwana wanga amagwira ntchito pa ayezi. Amayeza ayezi." Ine ndili pakhonde pomwepo, ndikukhoma wilibala. Sabata yomweyo ndinatsanzika mkazi wanga, Mai Tadiwa, n'kukwera basi ya ku Joni. Ndinapitirira mpaka ku Kepitauni.

Ndiye onani mmene zinthu zimakhalira. Ntchito imene ndinapeza inali m'fakitale ya nsomba, m'chipinda chozizira chija amasungiramo katundu. Tsiku lonse kunyamula makatoni olimba ngati njerwa, ndevu zikuchita kuuma, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ine, mwana wa ku Kwekwe, amene ayezi ndinkamudziwira mufiriziti yoyamwa ana ija.

Kunyumba sindinanene. Amayi ndinawauza kuti ndine dalaivala. Nanga ndikanati chiyani? Kuti nanenso ndili pa ayezi, koma wa nsomba? Ku Mbizo akanaseka mpaka pa renki ya makombi, pokwerera maminibasi paja: mimba imodzi, wina dokotala wa ayezi, wina wovala hovhorosi, wantchito wamba wa ayezi. Mai Tadiwa yekha ndiye ankadziwa, ndipo ndinamulumbiritsa.

Ndalama ndinkatumiza. Golosale pa Khirisimasi, malata a kukhitchini, mankhwala a BP a Amayi. Ankathokoza, sindinganame. Uthenga wawo unkabwera pafoni ya Mai Tadiwa: "Jemu mwanangu, uziyendetsa bwino, misewu ya kumeneko ndi ya anthu openga." Kenako, asanatseke: "Uzimupempherera mng'ono wako, kumene aliko n'kozizira."

Chaka chilichonse ankagula wulu m'tauni n'kumulukira magolovesi ndi chisoti. Obiriwira, abuluu, ena amizeremizere. Akamva kuti mwana wa uje akukwera ndege, ankayenda wapansi mpaka kwawoko kukapereka kaphukusi. Mai Tadiwa ankanditumizira zithunzi zake poganiza kuti ndisangalala. Ndinkaziona pa nthawi ya tiyi, manja nditawaika m'khwapa kuti magazi abwerere. Sindinalirepo, koma tiyi ankandiwawa.

Tsiku lina Lamlungu ndinamuimbira Limbani pavidiyo, ndinati ndimve kuti ntchito imeneyi ndi yotani kwenikweni.

"Achimwene, kumwambaku kuli makina, masetilaiti, amajambula dziko akamadutsa," anatero. "Ine ndimatenga zithunzi za chaka chino n'kuzisanjika pa za zaka zammbuyo. Ndimaona kuti ayezi wa pamwamba pa mapiri wabwerera mmbuyo bwanji."

"Ndiye ukapeza kuti wabwerera umatani?"

"Ndimalemba. Anthu adziwe kuti dziko likutentha."

"Basi? Amayi akanakuuza zimenezo ulere, chimanga chawo chikupsa chaka ndi chaka."

Anaseka, nanenso ndinaseka, koma kwanga sikunali kuseka. Kumbuyo kwake ndinkaona mabuku ndi kapu ya khofi. Anali atavala malaya a manja aafupi.

Chaka chachisanu ndi chiwiri golovesi langa lakumanzere linang'ambika, madzi n'kulowa. Tsikulo kunabwera nsomba zambiri, sindinatuluke. Zala ziwiri zakumapeto zinayera, kenako zinada. Ndinachedwa kupita kuchipatala chifukwa mapepala anga anali atatha, ndinkaopa. Pamene ndinkapita n'kuti zitafa kale. Anazidula. Kuyambira pamenepo, ndikamalankhula ndi Amayi pavidiyo, foni ndinkagwira ndi dzanja lomwelo kuti lisaoneke. Ndipo kunyumba ndinasiya kupita. Zaka zinayi ndikunamizira mapepala.

M'mutu mwanga ndinkangoti, tsiku lina mayi ameneyu adzadziwa kuti mwana wake amene ali pa ayezi ndi uti. Koma kumuuza sindinkafuna. Ndinkafuna adziwe yekha. Mwina ndi uchitsiru, kaya. Munthu wa zaka makumi anayi, wa ana awiri, kulimbirana wulu.

Chinandibweza ndi chiliza cha Bambo. Tinagwirizana kuti tikachivundukule mu Ogasiti, ndipo mwana woyamba sangasowe pamenepo. Ndinatsika kombi masana, jekete nditalikoleka padzanja lamanzere. Limbani anali atafika dzulo lake. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, azimayi akutchalitchi atamuzungulira.

"Dokotala, mvula yathu mwaibisa kuti?" anafunsa mayi wina.

Iye n'kumawaonetsa pafoni phiri lija, chithunzi chakale ndi chatsopano, choyera chija chitatsala ngati mpango. Anawauza kuti kutentha kumene kukudya ayezi kumeneko n'komwe kukusokoneza nyengo kuno. Onse "hii, shuwa," kugwira pakamwa. Ine anandiona pambuyo. "Aa, adalaivala afika."

Amayi anandikumbatira, akalamba, afupika. Popereka moni sindinaombe m'manja, ndinangowerama. Anandiyang'ana.

Nthawi yakudya itakwana, Mai Tadiwa anatenga jagi ndi beseni. Amayi anamulanda. "Bweretsa kuno makoti, mpongozi wanga, ana angawa ndiwasambitsa ndekha lero." Anagwada movutikira, n'kuyambira ine monga wamkulu. Ndinatambasula dzanja lamanja.

"Onse awiri, Jemu. Ku Joni amasamba dzanja limodzi?"

Ndinachotsa jekete.

Madzi anapitirira kuthika kwa kanthawi, kenako jagi inatera pansi. Anagwira dzanjalo, n'kulitembenuza, n'kuwerenga ndi chala chawo ngati mmene amachitira ndi khanda longobadwa kumene.

"Ngozi ya galimoto?"

"Sindinayendetsepo galimoto, Amayi. Ndi ayezi. Ndimagwira m'firiji ya nsomba."

"Kuyambira liti?"

"Chipitireni."

Anatembenukira kwa Mai Tadiwa, iye n'kuyang'ana pansi. Amene analankhula anali Limbani, mawu ali pansipansi.

"Mhamha, ine kuphiri kuja ndinapitako kawiri kokha. Masiku onse ndimakhala muofesi, pakompyuta. Muli hita."

"Nanga magolovesi anga?"

"Ali mudirowa. Onse. Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

Apa ndivomere, mtima wanga unadumpha. Ndinati eya, lero ndi lero. Ndinadikira kuti Amayi amukalipire, mwina achotse chithunzi chija pawailesi. Koma anakalipira ine.

"Iwe ndiwe chitsiru ngati bambo ako. Nawonso ankatsokomolera kuseri kwa chimbudzi kuti ndisamve. Ine ndimalukira amene wandiuza kuti akuzizidwa. Ndine setilaiti ine, kuti ndikuone uli ku Kepitauni?"

Limbani anafuna kuseka, n'kuona misozi yawo, n'kusiya. Anamaliza kundisambitsa. Pamene panali zala paja anapapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, pang'onopang'ono, ngati pakadali bala.

Chiliza tinavundukula, Limbani anakwera ndege yake. Tisanasiyane anandifunsa kuti ayezi amamveka bwanji ukakhala naye tsiku lonse, ndipo anamvetsera ndithu, osagwira foni. Sindikudziwa ngati ankangondisangalatsa. Ine ku Kepitauni sindinabwerere. Pano ndimagulitsa zitsulo zakale ndi mapaipi pafupi ndi renki. Chithunzi chikadali pamwamba pa wailesi, ndipo azimayi akutchalitchi akadali kufunsa za Dokotala. Ndikamva, chinsanje chija chimandigwirabe. Ndinkayesa chidzatha Amayi akadzadziwa, koma ayi, chinangochepa.

Zimene ndinapeza n'zakuti zaka khumi ndi chimodzi ndinkakwiyira mayi chifukwa cha bodza limene ndinamuuza ndekha.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu, Amayi anabwera pamalo anga ogulitsira atanyamula kapepala ka pulasitiki. Munali magolovesi abuluu amene anayamba kulukira Limbani. Lakumanzere analimasula n'kulilukanso, la zala zitatu.

"Amayi, kutentha konseku?"

"Vala ndione ngati ndayeza bwino."

Ndinavala pomwepo, mahwindi oitanira makombi aja akuseka, thukuta likutsikira m'zigongono. Anali atayeza bwino. Sindinavule mpaka anakwera kombi.